Kompyuta Yosalembedwa pa Mndandanda

Achemwali anali atazimitsa makompyuta khumi ndi asanu pamene bwana wa gawo lawo anatsika masitepe kulowa m'chipinda cha mayeso. Chipindacho chinali kunsi kwa maofesi, chopanda zenera. Mayiyu, amene aliyense pakampanipo ankangomuitana kuti Achemwali, anayesera mapulogalamu m'menemo zaka khumi ndi ziwiri, pakati pa phokoso la mafani oziziritsa makompyuta. Tsiku limeneli kompyuta iliyonse ikazima, bata linkakula, mpaka anayamba kumva kupuma kwake komwe.

"Pofika Lachisanu muno musatsale kanthu," anatero bwanayo.

"Koma bwana, purosesa yakaleyi yalakwa chiyani? Ikugwirabe ntchito."

"Sinalakwe. A kutsidya asintha, basi."

A kutsidya inali kampani ina yopanga makompyuta, ya nyumba yagalasi tsidya lina la msewu. Chaka chathacho iwo anasiya mtundu wa purosesa umene aliyense anazolowera, n'kutenga wina wosatentha komanso wosadya batire. Purosesa ndiye ubongo wa kompyuta, ndipo ukasintha mtundu wake, mapulogalamu akale samvananso nayo. Makampani ena awiri anatsatira msangamsanga. Tsopano inali nthawi ya kampani ya Achemwali.

"Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi," anatero bwanayo. "Ife tachedwa kale."

"Nkhosa nazonso zimatsatana, bwana, ngakhale kutsogolo kuli phompho."

"Ndiye tikagwere limodzi ndi anzathu, kusiyana n'kutsala tokha pamwamba." Anaseka pang'ono, n'kukwera masitepe.

Mndandanda wa makompyuta oti azimitsidwe unatha dzuwa lisanafike pamutu. Koma Achemwali atatchera khutu anamva fani imodzi ikulirabe. Anatsata kulirako mpaka kuseri kwa kabati, pakona pamene pankakhala mnzake wa ntchito, malemu a Kadzidzi. Dzinali anawapatsa chifukwa cha maso awo akuluakulu m'magalasi, ndiponso kusalankhula. Panali patatha miyezi isanu ndi itatu chimwalirireni, koma juzi yawo inali idakali pampando, kapu yawo patebulo pafupi ndi foni yafumbi. Pansi pa tebulolo panali kompyuta yotuwa, yosalembedwa paliponse. Anaigwira. Inali yofunda. Anadina batani, niima.

Chipinda chonse chinangoti zii. Achemwali anayamba kukulunga mawaya. Pasanathe theka la ola, foni ya patebulo la malemu inalira.

Anaiyang'ana ikulira kanayi asanainyamule.

"Ndine wa ku labu, kuchipatala chaching'ono kuja," anatero mawu a mzimayi, ali kutali. "Makina oyezera magazi akana. Akulemba kuti sakupeza chilolezo. Ndili ndi amayi oyembekezera pamzere. Abambo aja alipo?"

"Abambo ake ati, mayi?"

"Amene amatithandiza aja. Nambala iyi ndi yawo."

Achemwali anayang'ana juzi ija pampando. "Mayi, pepani. Iwo aja anatisiya. Miyezi isanu ndi itatu yapita."

Kunamveka phokoso la benchi likukokedwa, mwana akulira chapatali.

"Ayi, mwina mukunena ena," anatero mzimayiyo mofatsa. "Sabata yathayi andilembera. Amafunsa ngati mwana wanga wayamba sukulu."

Achemwali anayang'ana pansi pa tebulo. Anagwada, nayatsanso kompyuta ija, foni ili kukhutu. Patapita kanthawi mzimayiyo anati makina ayamba kugwira, nathokoza, nadula.

Achemwali anakokera mpando wina, osati wa juziwo, n'kulumikiza sikirini. Zonse zinali poyera. Kampani inagulitsa kalekale timakompyuta toyendetsa makina oyezera magazi, ta purosesa yakale. Makinawo sankayamba ntchito asanalandire chilolezo kuchokera kukampani. Zaka ziwiri zapitazo kampani inasiya kuwasamalira, koma a Kadzidzi anasamutsira ntchitoyo mwakachetechete pansi pa tebulo lawo. Zipatala khumi ndi chimodzi zinkadalirabe kompyuta imeneyi.

Kenako anapeza makalata. Anali olembedwa kale, chipatala chilichonse akeake, aliyonse ndi tsiku lake lodzatumizidwa. Masikuwo anafika zaka zitatu kutsogolo. Achemwali anakumbukira miyezi yomaliza ija, a Kadzidzi ataonda mpaka wotchi kugwedera padzanja, akukana kupita kukadya masana, akungolemba. Anatsegula kalata imodzi ya chaka chamawa. "Mayi," inkatero, "fumbi lachuluka nyengo ino, pukutani fani. Mwana uja tsopano akuwerenga, eti?" Sanatsegulenso ina.

Anakwera kukaonana ndi bwana, namufotokozera zonse. Bwanayo anamvetsera akuyang'ana pazenera, kumene nyumba yagalasi ija inkanyezimira.

"Tinawalembera kuti apeze makina atsopano," anatero.

"Sanawapeze, bwana. Kodi a kutsidya awo anatani nawo?"

"Anangozimitsa."

"Ndiye nafenso titsatire?"

Bwanayo anachotsa maso pazenera. "Pa mndandanda ilipo?"

"Palibe."

"Ndiye ine sindinaione. Koma Lachisanu muja musatsale kanthu."

Lachitatu Achemwali anaimbira zipatala zonse khumi ndi chimodzi, kuziuza za malirowo ndi kuzichenjeza kuti mawa lake masana makina adzaima kwa maola awiri. Ena anapepesa. Wa ku labu uja anafunsa kuti, "Nanga makalata otsalawo mutani nawo?"

"Ndimafuna ndiwaletse, mayi. Si bwino kumalandira makalata a munthu amene kulibe."

"Asiyeni," anatero mzimayiyo. "Analembera ine."

Lachinayi, woyang'anira netiweki yolumikiza makompyuta a kampani anakonza zoti makina akutaliwo azipeza kompyutayo kumalo atsopano, osafunsa zambiri. Mwamuna wa Achemwali anabwera ndi galimoto. Anaika kompyutayo pampando wakumbuyo, Achemwali naimangirira lamba kuti isagwedezeke. Kunyumba anaiika m'kachipinda kosungiramo makina osokera, pakati pa chikwama cha nsalu ndi njinga ya mwana wawo wamkazi. Atayiyatsa, fani inayamba kulira pang'onopang'ono.

Mwamunayo anaima pakhomo, manja m'chiuno.

"Amake mwana, mlendo wanuyu achoka liti?"

"Chipatala chomaliza chikadzapeza makina atsopano."

"Nanga chikapanda kupeza?"

Mwamunayo anamvetsera kulirako kanthawi, kenako anatulutsa njinga ya mwana n'kukaiika pakhonde, natseka chitseko mosamala. Kuyambira tsiku limenelo, aliyense wodutsa pa chitsekocho ankatsitsa mawu, popanda womuuza.