Ignasio Analibe Loya

Ignasio, wowotcherera zitsulo ku Chirimba, anakalowa m'khoti yekha pa mlandu wolimbirana mwana wake. Loya amene anamupeza m'tauni anatchula mtengo woumitsa pakamwa, ndiye iye anangoti akadziyankhulira, poti mwanayo ndi wake ndipo Chirimba yonse ikudziwa.

Mkazi wake, Ellen, anamwalira chaka chatha, n'kusiya Madalo wa zaka zisanu ndi ziwiri. Achimwene a malemuyo, a Evance a ku Chilomoni, ankafuna kumutenga mwanayo. Kwawo ku Mulanje ana ndi a kuchikazi, pomwe kwa Ignasio ku Nsanje ana ndi a bambo. Ankhoswe anakambirana mpaka kutopa, nkhani n'kugwera kukhoti.

A Evance anabwera ndi loya wa suti yakuda. Atatha kupereka umboni wawo, a majisitireti anatembenukira kwa Ignasio.

"Bambo, muli ndi mafunso kwa mboniyi?"

Ignasio anaimirira. "Bwana, mwana ameneyu ndamulera ndekha kuyambira..."

"Zimenezo munena nthawi yanu ikakwana. Pano funsani funso."

Anayesanso, a majisitireti anamudulanso mawu. Pepala limene analemba kunyumba linadzaza mbali zonse, koma munalibe funso ngakhale limodzi. Kenako mawu anangotuluka okha.

"Alamu, kodi mukudziwa kuti Madalo amadwala mphumu?"

A Evance anayang'ana loya wawo. "Sindimadziwa."

Ignasio anakhala pansi akuganiza kuti wapambana.

Nthawi yake itakwana anafotokoza zonse, kenako loya uja anaimirira n'kumufunsa mofatsa ngati wansembe.

"Mwezi wa Juni mwanayu anapsa mkono ndi chitsulo chamoto ku shedi kwanu. Inu munali kuti?"

Ignasio akanatha kunama, koma anali atalumbira atagwira Baibulo.

"Ndinali kumowa, bwana. Maliro anali asanandichoke mumtima. Koma kuchokera tsiku limenelo..."

"Ndangofunsa kumene munali. Zikomo."

Ignasio anadikira kuti wina amufunse ngati amamwabe. Palibe anafunsa. Aphunzitsi a Madalo ndi mayi a nyumba yoyandikana akanamuikira kumbuyo, koma iye sanawatenge. Ankayesa kuti khoti limaitana lokha mboni.

Chigamulo chinatuluka patatha milungu iwiri. A majisitireti anati sanayang'ane mwambo wa ku Mulanje kapena wa ku Nsanje, anayang'ana ubwino wa mwana malinga ndi umboni umene unabwera pamaso pawo. Madalo akakhale kwa amalume ake, bambo azikamuona Loweruka.

Tsiku lomupereka, a Evance anaimika galimoto pamsewu, poti kunyumba kwa Ignasio galimoto sifika. Ignasio ananyamula chikwama cha mwanayo mpaka pamenepo. Madalo anakwera mokondwa, n'kutulutsa mutu pawindo.

"Adadi, mubwera kudzanditenga madzulo?"

"Loweruka, mwanangu."

"Loweruka ndi mawa?"

Linali Lolemba. Ignasio asanamuwerengere masiku, galimoto inali itanyamuka.