Chitseko cha Helikopita

Margret atatula dengu la tiyi pakhomo, anapeza amuna ake, a Reinford, atakhala pakhonde akusuzumira m'kati mwa kahelikopita ka pulasitiki ngati wina wawaberamo.

"Amake Tinenenji, dzulo ndinamata mipando ingati muno?"

Margret anayankha kuti iye anali kumunda, angadziwe bwanji. Bambowo anati akukumbukira mpando umodzi, koma akuona itatu.

Kahelikopitako kanabwera ndi mwana wawo Tinenenji, yemwe anakapeza pa kaunjika ku Limbe. Pabokosi panali chithunzi cha helikopita yofiira ndi yoyera, yopulumutsira anthu, munthu akulendewera pachingwe pamwamba pa madzi olusa. M'kati munali tizidutswa totuwa tolumikizidwa ku timafelemu ngati masamba panthambi, guluu, timabotolo tiwiri ta penti, kabulashi ndi pepala la zithunzi ndi manambala. Namwino wa kuchipatala cha ku Makwasa anali atanena kuti dzanja lamanja la a Reinford, lomwe linafooka ndi sitiroko, lizipatsidwa tintchito ting'onoting'ono kuti lisaume. Kusankha nyemba anakana. Anati munthu amene wakhala kapitawo pa esiteti ya tiyi zaka makumi awiri sangathere moyo m'lichero. Koma ndege anaivomera.

Ankadula kachidutswa kalikonse ndi lezala, pang'onopang'ono, lilime lili panja. Kamodzi kankatha m'mawa wonse. Kakagwa pansi, ankakankha tebulo n'kukagona choyang'ana khoma, nthawi zina masiku awiri osalankhula. Khomalo ndi limene Margret ankaliopa. Choncho tsiku lina masana, bambowo akuwodzera pampando atadya, anatenga felemu limodzi. Zala zake zinali zitathyola tiyi kuyambira ali mtsikana, masamba awiri ndi kamphukira, osayang'ana. Anagwira ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, kupotokola pang'ono, thyo. Asanaphethire kawiri, mpando unali utamatidwa.

Poyamba zinayenda. A Reinford atadzuka anasangalala, ndipo pa Sabata anauza a Anderson, mkulu wa mpingo, kuti dzanja likubwerera. Koma ukapitawo sutha. Anayamba kuchonga ndi pensulo papepala nambala iliyonse imene amata, ndipo zochonga ndi zomatidwa zinasiyana. Matayala analipo, papepala panalibe chizindikiro. Mchira unalipo, iwo osakumbukira kuti anaugwirapo.

Kukayika kunafalikira ngati chiwawu. Ankafunsa kawiri ngati amwa mankhwala. Lachitatu anafunsa ngati Sabata lapita kale kapena likubwera. Anayamba kuika miyala patebulo, umodzi akasamba, wina akadya, kenako n'kuiwala kuti mwala uti ndi wa chiyani.

Margret anasiya kuthandiza masiku atatu. Ntchito inaima, ndipo bambowo anati dzanja labwerera m'mbuyo, n'kuyamba kuyang'ana kukhoma kuja. Anayambiranso kuthandiza, iwo n'kuyambiranso kuwerenga miyala. Kumunda, m'mizere ya tiyi, ankathyola uku akudzifunsa kuti kodi akuwachiritsa kapena akuwapha, ndipo pofika kusikelo yankho linali lisanapezeke.

Lachinayi kunagwa chiperoni, anthu anaweruka msanga. Margret anapeza amuna ake akuwodzera, bulangeti lili m'miyendo. Patebulo, helikopita inali ndi chibowo chachikulu m'mbali, ndipo pafelemu panali kachitseko kokhala ndi zenera. Sanayang'ane pepala. Anakathyola, kupaka guluu mbali zonse zinayi, n'kutseka bwinobwino. Chitseko ntchito yake n'kutseka, makamaka kukuzizira chonchi.

A Reinford atadzuka anayang'ana ndegeyo nthawi yaitali. Sanakankhe tebulo. Anangopempha mofatsa kuti awasitire jekete, chifukwa mawa akufuna kupita ku Makwasa. Margret atafunsa chimene chavuta, anamutambasulira pepala lija. Pachithunzi chitseko chinali chokankhidwira kumbuyo, chotsegula, pakuti chingwe chopulumutsira anthu chimatsikira pamenepo. Anati sabata yathunthu akhala akudziuza m'mawa uliwonse kuti chitsekocho chisatsekedwe.

"Dzanja ndikanapirira," anatero. "Koma munthu wotseka chitseko chimene analumbira kuti satseka, osakumbukira n'komwe, mutu wapita. Tinenenji musamuuze kaye."

Margret anakoleza makala a simbi. Safunsa anadya phula, ndipo phulalo linali litamumata pakamwa. Akaulula, bambowo adziwa kuti dzanja limene analitamanda kutchalitchi silinachite zambiri. Akapanda kuulula, akwera minibasi kukauza adokotala kuti apenga. Anasita kolala ya jekete mpaka inayamba kununkha kupserera, osasankhabe.

M'mawa mwake sanapite kumunda. Kunali kutayera, mapiri a tiyi akuwala ngati atsukidwa. A Reinford anakhala pakhonde atavala jekete, akudikira kuti mkazi wawo amange mpango. Poti analibe chochita, anatola felemu lopanda kanthu n'kumalisisita ndi chala cha kumanzere. Kenako analikweza kudzuwa.

Margret atatuluka anawapeza atandanda mafelemu onse patebulo. Anamuitana kuti aone. Malo ena, pamene panachoka tizidutswa, panali posalala. Malo ena panatsala timapesi toyera, topotoka, tonse topendekera mbali imodzi.

"Uku n'kudula," anatero akuloza posalala. "Koma uku n'kuthyola."

Margret anasuzumira timapesito. Bambowo anamukumbutsa kuti pa ukapitawo wawo ankatha kuvundukula dengu lililonse pasikelo n'kutchula mwini wake poona mapesi okha.

"Dzanja ili limasiya phesi lalitali, limakokera kumanzere. Ndinalidzudzula kalekale, kumunda wa nambala seveni."

"Munalidzudzula, kenako munalikwatira," anatero Margret. "Ndine. Mipando iwiri, matayala, mchira, chitseko. Zina ndaiwala."

Anadikira kuti tebulo likankhidwe. M'malo mwake a Reinford anayamba kuwerenga malo osalala, chala chikuyenda pang'onopang'ono, milomo ikugwedera. Anapeza khumi ndi asanu ndi anayi. Anatenga pepala n'kuwerenga zochonga zawo za pensulo. Zinali khumi ndi zisanu ndi zinayi. Anabwerezanso, zinali zomwezo.

Margret sanathe kudziwa ngati nkhopeyo ikupita kokalipa kapena koseka, pakuti kuyambira pa sitiroko mbali imodzi inkachedwa kutsatira inzake. Anawauza mosabisa kuti anatopa kuona msana wawo, ndipo ngati akufuna kukwiya akwiye atayang'ana kuno.

"Ndi zochepa," anatero bambowo. "Koma zonse ndikuzikumbukira."

Anavula jekete, ndipo anasesa miyala ija patebulo ndi mkono, ikugwera pabwalo.

Kutsegula chitseko kunatenga mpaka masana. Guluu anali atagwira zolimba, poti Margret sachita zinthu mwatheka. Iye anagwira thupi la ndege ndi manja awiri, a Reinford akucheka ndi lezala kudzanja lamanja. Lezala inaterereka n'kukanda zenera, ndipo chitseko chinachoka chili chodyeka pakona. Anachimata kumbuyo, chotsegula, chopendekeka pang'ono.

Kenako inafika penti. Yoyera inayenda bwino chifukwa sinkaoneka polakwika. Yofiira ndiyo inawayalutsa. Mzere umene pabokosi unali wowongoka unakhota ngati msewu wa ku Masambanjati, ndipo dontho limodzi linatsetsereka mpaka pamimba pa ndege. Zala za Margret zinanyamuka zokha.

"Manja kumbuyo, amake Tinenenji."

Anawabweza n'kuwakhalira.

Linali Lachisanu, ndipo dzuwa litayamba kupendeka anatsuka kabulashi kuti Sabata liwapeze ataweruka. Chomaliza chinali kamunthu ka pachingwe. A Reinford anakagwetsa kawiri. Margret anakatola kawiri n'kukaika patebulo, osati pachingwe. Kachitatu mfundo inagwira.

Ndegeyo anaipachika ndi ulusi pamtanda wa khonde, penti isanaumitsitse. Mphepo yochokera m'minda ya tiyi inkaitembenuza pang'onopang'ono, mbali yokhota mzere, kenako mbali ya chitseko. Pansi pake kamunthu kaja kankalendewera, manja m'mwamba. Margret anafunsa ngati kakukwera kapena kakutsika, ndipo a Reinford anayang'ana papepala, kenako pabokosi, n'kunena kuti pamenepo sanalembe.