Chinangwa cha Kuseri kwa Waya

Idalina Amosi, dokotala wofufuza za mbewu, anali atangothira palafini pa mulu wa mitengo ya chinangwa pamene mlonda, bambo Eusébio, anamuitana ali pageti.

"A Dotora, kwabwera mayi ochokera ku Itepela, akuti ndi azakhali anu. Ndawauza kuti muno salowa, andifunsa ngati mundawu ndinalima ndine."

Idalina anaika chigubu pansi. Kunja kwa mpanda wa waya kunaima azakhali ake a Luciya, fumbi la mu chapa, minibasi imene anakwera, lili m'nsidze momwe, thumba lopanda kanthu lili m'khwapa. Atangoona thumbalo, Idalina anadziwa chimene abwerera.

Zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, iye ndiye anapita kwa azakhaliwo kukapempha mbewu. Anali ndi chinangwa chawochawo, chosawawa, chofumbutuka ukachiphika, chimene anachisenza pamutu pobwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Anamudulira mtolo wathunthu osafunsa funso. Ku Itepela mbewu ya chinangwa amangopatsana, ndipo wokupatsayo munda wake ukafa, amabwera kudzadula mwako. Palibe amakana. Wokana, pamaliro a kwawo anthu amafika, koma sakhalitsa.

Mtolo uja unakathera ku Maputo, m'chipinda chozizira cha ofufuza. Mmenemo Idalina anakhalamo zaka, akudya yekha, anzake akukwatiwa iye kungomva patelefoni. Ntchito yake inali yosintha chibadwa cha mbewu: anafunafuna kachidutswa kamodzi kamene matenda owoletsa mizu amagwirira m'chinangwa, atakapeza anakadula. Zinatheka. Ofufuza a ku Uganda, ku Brazil ndi ku India anatchula dzina lake m'zolemba zawo maulendo oposa mazana anayi. Dzina la Luciya silinapezeke paliponse. Chinangwa chosenzedwa pamutu chija anachitcha NG-14, ngati nambala ya galimoto, ndipo analemba nambalayo ndi Idalina mwini, ndi dzanja lake.

Tsopano mbewuyo inali kuyesedwa m'munda wotchingidwa kunja kwa Cuamba. Chilolezo chinali chosapita m'mbali: akolole, ayeze, zotsala atenthe zonse. Kanthambi kamodzi kakatuluka mumpandamo, chilolezo alanda, ndipo alimi a ku Niassa adzadikira zaka zina zambiri, mwinanso mpaka kalekale.

"Azakhali, mwayenda bwanji?" anatero Idalina akugwada pafupi ndi waya.

"Ndayenda ndi matako, mwanangu. Msewu wa kwathu uja suyenda ndi miyendo. Iwe wawondatu! Sukulu yonseyi sakupatsa chakudya?" Anaseka pang'ono, kenako anatambasula thumba lija. "Changa chija chatha. Ukazula, kunja kuli bwinobwino, kudula mkati muli bii, kununkha ngati khoswe wofera kudenga. Kwa mnansi wanga Rozi chimodzimodzi, mudzi wonse. Ndamva kuti chako sichiwola. Ndabwera kudzadula."

"Azakhali, ichi sichinaloledwe kutuluka. Mwina pakatha zaka zitatu."

"Zitatu? Mimba uiuze zimenezo. Nanga icho waunjika apocho n'chachiyani?"

Idalina anayankha: "N'choti chitenthedwe."

Azakhali anayang'ana muluwo. Mitengo yake inali yonenepa, maso ake ali tuzu, yoti ukaibaya m'nthaka mawa lomwe iphuka.

"Utenthe mbewu. Ine ndili pano ndi thumba." Mawu awo sanakwere. "Pamene unabwera kwanga, ndinakufunsa chikalata?"

Mkwiyo unamukwera Idalina mpaka m'makutu, koma analibe woukhuthulira. Amene analemba lamulolo anali kutali, m'maofesi a mphepo yozizira, sanaonepo mayi akusenda chinangwa chowola n'kumasankha poyera poti ana adye. Komanso iye ankadziwa, ndipo ichi ndicho chinamuwawa koposa, kuti lamulolo silinali lopusa. Mbewuyo inali itangoona mvula ziwiri zokha. Itafalikira midzi yonse n'kudzalephera chaka chachitatu, angadzaibweze ndani?

Bambo Eusébio anatsokomola, n'kutembenukira kunjanji yodutsa chapafupi ngati akudikira sitima. Idalina anamva tanthauzo lake: ine sindikuona. Timitengo khumi tikanakwana m'thumbamo, ndipo pofika Mandimba palibe akanadziwa. Koma ankawadziwa azakhali ake. Chaka chamawa akanadulira Rozi, Rozi akanadulira apongozi ake, chifukwa kwawoko palibe amakana.

"Sindingathe, azakhali," anatero. "Ndikagula mbewu ina yabwino ku Etatara, ndibweretsa ndekha."

"Ya ku Etatara ndikuidziwa njira yake. Ine ndinabwerera changa."

Idalina anadzuka, napita pamulu paja, nakhwatcha machesi. Palafini anayaka lawi lalitali, n'kuzima. Mitengo yaiwisi inangolira tsii, ikutulutsa thovu m'mapeto. Anathiranso, anayatsanso. Utsi wokhawokha, woyabwa m'maso. Mayi wodziwa kudula chinthu chosaoneka ndi maso analephera kuyatsa moto, azakhali ake akumuonerera.

"Chinangwa chachiwisi sichipsa choncho," anatero azakhali kuseri kwa waya. "Muyale udzu wouma pansi, mitengoyo muipingase kuti mphepo idutse. Mwaipanikiza kwambiri, a Dotora."

Chibadwire, azakhaliwo anali asanamutchulepo "inu". Idalina sanatembenuke. Anaphwasula muluwo, anayala udzu, anapingasa mitengo monga anauzidwira. Moto unagwira nthawi yomweyo, ukuthetheka mokondwa.

Atacheuka, azakhali anali atafika kale kumsewu waukulu, akupinda thumba lawo kanayi kuti lisawavute mu chapa. Bambo Eusébio nawo anali atalowa m'kanyumba kawo.

Lamulo linkati wofufuza asachoke mpaka mtengo womaliza utasanduka phulusa. Idalina anakhala pansi, dzuwa lili paliwombo, nayamba kudikira.