Mazira a M'bango

Moto unali ukulilima kale kumunsi kwa dambo pamene ndinachiona chisacho. Chinali pamadzi penipeni, cholukidwa ndi masamba a bango, ndipo munali mazira asanu a mathothomathotho. Mwini wake, nkhuku ya m'madzi ija yakuda, ya chipumi chofiira ndi miyendo yobiriwira, anali atathawira kutsidya, akungolira. Ndinalowa m'matope mpaka m'mawondo, n'kutolera mazirawo m'chipewa.

Amene anayatsa motowo anali a Morgan, mlongo wa malemu mkazi wanga Rabecca. Ankafuna kukuza dimba lawo. Ataona za m'chipewamo anaseka, nandifunsa ngati ndiwo zandisowa mpaka kufika pamenepo. Ndinali nditakhala mkamwini ku Ndake zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo kusunga mawu m'kamwa ndinali nditakuzolowera.

Kwathu ku Chadiza tikatola mazira a nkhanga m'tchire timaikira nkhuku, ndipo amaswa bwinobwino. Ine ndinangoti mbalame ndi mbalame. Rabecca anasiya thadzi loyera, ndipo masiku amenewo linali likufungatira kuseri kwa nkhokwe. Ndinalowetsa mazirawo pansi pake, ilo n'kundijompha padzanja kawiri.

Patapita masabata awiri anaswa atatu. Tinali tinthu takuda bii, ta mpala pamutu ngati ine, ta zala zazitali zosayenerana ndi thupi. Apa m'pamene uchitsiru wanga unaonekera. Thadzi linkapalasa n'kuitana, anapiye ake n'kuthamangira kukajompha. Atatu angawa ankangoima, timapiko m'mwamba, kukamwa yasa, kudikira wowaika chakudya m'kamwa monga amachitira makolo awo kumadzi. Thadzi silinkadziwa zimenezo, inenso ndinazizindikira mochedwa. Awiri anafa tsiku lachitatu.

Wotsalayo ndinamutenga ndekha. M'mawa uliwonse ndinkakafukula chiswe pachulu, n'kumamupatsa pansonga ya udzu, kenako nyongolotsi, kenako madeya onyowa. Munthu wa imvi, kugwada pabwalo kudyetsa mbalame ya m'tchire! Amayi opita kumjigo ankagwira pakamwa. Koma kunena zoona, chimwalirire Rabecca mu Febuluwale, panalibe china chondidzutsa m'mawa. Mwana wathu mmodzi yekhayo, Goodness, anakwatiwa ku Kitwe, ndipo foni yake inkabwera Lamulungu, netiweki ikalola. Masiku ena onse ndinkamva mawu anga pokhapokha ndikamayankhula ndi mbalameyo.

Inakula, n'kusanduka yotuwa. Nkhuku za pakhomo sizinailandire. Zinkaijompha ikayandikira pa madeya, ndipo iyo inkazemba ndi kayendedwe kake konyang'ama, kamchira koyera kakuphethira. Inkakonda kuima m'beseni lochapira, madzi akufika m'miyendo, n'kumayang'ana kumene ndili. Ndikapita kumunda inali pambuyo. Ndikapita kutchalitchi ndinkachita kuitsekera m'nyumba. Dzina sindinaipatse, poopa kuti ndingazolowere. Ndinazolowerabe.

Kumapeto kwa Seputembala abale a Rabecca anandiitana pansi pa mtengo wa mango. Unali mwambo wosudzula, womasula wamasiye kuti maliro atha, ayambe moyo wina. Anayankhula a Vivian, akulu ake a Rabecca, ndipo anayankhula mwaulemu.

"Alamu, takumasulani," anatero. "M'bale wathu munamusunga bwino, palibe mlandu. Mvula ikalibe kugwa, mukaoneko kwanu."

Palibe anandithamangitsa. Palibenso ananena kuti khalani. Ndinawomba m'manja n'kuthokoza monga ayenera kuchitira munthu woleredwa bwino, koma mumtima munali mutazizira. Nyumba ndinamanga ndine, mango amene tinakhala pansi pakewo ndinabzala ndine, koma nthaka inali ya mbumba yawo, ndipo zimenezo ndinazidziwa kuyambira tsiku loyamba.

Anthu akumwazikana, a Morgan ananditsatira.

"Nanga chinyoni chanu chija?" anafunsa, akunena mbalame ija. "Mukachisiya pano agalu azadya. Agalu akachilekelela, tizadya sewo."

Ankaseka, koma sankanama. Kuitenga sikukanathekanso. Mudzi wathu ku Chadiza uli pamtunda, ndipo m'chilimwe madzi ake ndi a pamjigo basi. Komanso ine mwini ndinkapita kukagogoda kwa mphwanga amene ndinaonana naye komaliza pamaliro ena, zaka zisanu ndi ziwiri m'mbuyomo. Munthu wopempha pogona safika ndi mbalame kukhwapa. Ndinatsala ndi masabata atatu oti ndiibwezere kumadzi.

Kumtunda kwa dambo kunali chigawo cha bango chimene moto sunafike, pa dziwe losaphwa. Tsiku loyamba ndinaiika m'mphepete. Inayang'ana madzi, inayang'ana ine, kenako n'kulowa. Inasambira ngati yakhala ikutero chibadwire, mutu ukugwedera kutsogolo ndi kumbuyo. Ndinamva kukoma kumene ndinali nditakuiwala.

Sizinatenge nthawi. M'bangomo munatuluka ziwiri zazikulu, zakuda, zipumi zili psuu, zikuthamanga pamwamba pa madzi, makosi atawongoka. Mwina anali makolo ake omwe, ndani angadziwe? Zinaikwera, kuimiza, kuipala ndi zala. Inapulumukira kumtunda n'kudzabisala pakati pa miyendo yanga, ikunjenjemera.

Ndinayesa m'mawa, ndinayesa masana. Ndinayesa dziwe lina la kumunsi, koma linali litasanduka matope okhaokha, ng'ombe zitapondaponda. Tsiku lina ndinaisiya ikudya m'mphepete, ine n'kuzembera m'minda ya thonje, kuzungulira njira yaitali ngati mbala. Pofika pakhomo ndinaipeza itaima m'beseni. Ndinaikalipira ngati munthu. Ndinaiuza kuti pano si pake, kuti ilibe nzeru, kuti amene akuidyetsayo naye ndi wapaulendo. Inapendeketsa mutu, n'kujompha chingwe cha nsapato yanga.

Goodness ataimba Lamulungu lomaliza ndinamufotokozera zonsezi. Iye anati, "Atate, mukamba za nyoni chabe. Nanga imwe?" Ndinamuuza kuti sindikumumva bwino, netiweki yavuta.

Tsiku lonyamuka, a Bwezani, mnansi wanga, anabwera ndi ngolo kuti akanditule kumsewu wa tala. Katundu wa zaka zonsezo anakwana m'matumba awiri ndi sutikesi imodzi. A Vivian anandipatsa nkhuku yowotcha ya panjira, ndipo sindinafunse kuti ndi iti. Njira ya ngolo imadutsa m'mbali mwa dambo, choncho ndinapempha a Bwezani kuti aime pa dziwe paja.

Mbalame ija ndinaitulutsa m'malaya mmene ndinaifungatira. Pachipumi pake panali patayamba kufiira pang'ono. Ndinalowa nayo m'madzi, nsapato zili kuphazi, n'kuiponya pakati pa bango. Isanatembenuke n'komwe ndinali nditatola chibuma. Choyamba chinagwera patali. Chachiwiri chinaithira madzi. Inabwerabe, ikusambira molunjika kwa ine, ndipo chachitatu chinaimenya paphiko. Inalira kulira kumene ndinali ndisanakumvepo, n'kulowa m'bango. Dzanja lomwe linkaipatsa chiswe lija ndi limene linachita zimenezo, ndipo mpaka lero ndikaliyang'ana ndimachita nalo manyazi.

Ndinakwera ngolo, madzi akuchucha m'buluku. Ng'ombe zinayamba kukoka, mateyala akulira pamchenga. Titayenda pang'ono a Bwezani anacheuka, n'kucheukanso kachiwiri.

"A Fabian," anatero motsitsa mawu, "yatuluka. Ili mu njila kumbuyo kwathu, ikonkha ngolo."

"Menyani ng'ombe."

"Phiko limodzi ikoka pansi."

"Ndati menyani ng'ombe, a Bwezani."

Anakweza mkwapulo, ngolo n'kuyamba kudumpha m'mabampu. Kuchoka pa dambo kukafika kutala ndi ulendo wa maola awiri. Ndinakhala pa sutikesi, maso ali pa nyanga za ng'ombe, osatembenuka ngakhale kamodzi. Nditafika ku Chadiza khosi linandiwawa masiku anayi, ndipo mphwanga ankati ndi mphepo ya m'basi.