Kubweza Diso

Nankhoma analota ataitanidwa kuchipatala kumene anamuchotsa ng'ala m'diso chaka chatha. Amene analipira ndi a sikimu ya zachipatala ya kuntchito kwa mwana wake Fanuwelo. Atatsegula chitseko cha ofesi yolipirira anapeza dambo, madzi olekeza m'mawondo, anthu ali pamzere. Anakwinya chitenje n'kuima kumbuyo kwa bambo wina.

"Kwagwanji kuno?"

"Boma lasintha lamulo, mayi. Amene sikimu yatikana tikubweza zimene tinalandira."

Bamboyo atafika pawindo anavula mwendo umene anamulumikiza, n'kuupereka ndi manja awiri, ndipo anachoka akudumphira kumodzi. Mtsikana wina anasolola ulusi wa opaleshoni pamimba pake, namwino n'kumaukulunga pakamtengo.

Pawindopo panakhala malemu Kachingwe, amuna ake a Nankhoma, atavala taye yomwe anaikidwa nayo.

"Mayi Nankhoma, lamulo latsopano likuti wantchito alembetse kholo limodzi basi. Inu mwachotsedwa. Bwezani diso."

"Inu bambo a Fanuwelo, musanditayitse nthawi. Kholo limodzilo ndine. Inu munafa."

"Kufa ndinafadi. Koma mwanayo ali ndi apongozi."

Chidindo chimene chinali patebulo chinatsokomola. "Ine ndimangogwa pamene andigwetsa," chinatero. "Funsani dzanja."

Nankhoma analiyang'ana dzanja logwira chidindolo. Pachala chachikulu panali chipsera cha moto, bala lomwe analimanga yekha ndi kansanza mwanayo akukwawa. Mkonowo unali wautali. Anautsatira m'madzi, kudutsa bango, mpaka pakhonde lina pamene Fanuwelo ankawasendera apongozi ake nachesi ndi dzanja linalo.

"Fanuwelo!"

"Wawa amayi." Sanacheuke.

"Wandifufuta iwe?"

"Malo anali amodzi, amayi. Awa amadandaula. Inu ndinu olimba, simuvuta."

Nankhoma anaima kaye. Analidi wosavuta. Mwanayo anamulera osapempha mchere pakhomo pa munthu.

Anabwerera pawindo, natong'ola diso lamanzere monga amatong'olera mtedza. Linali lofunda.

"Lamulo limalola diso kuona chinthu chimodzi komaliza," anatero Kachingwe. "Sankhani."

Analilozetsa kukhonde kuja. Disolo linatsinzina lokha m'dzanja mwake.

"Ameneyo ndamuona mokwanira," linatero. "Ndiikeni m'beseni."

Analiika pamodzi ndi mano, impso ndi mpweya wa anthu ena, ndipo chidindo chinagwa.

Anadzidzimuka dzuwa litalowa kale pazenera. Anaphimba diso lamanja ndi chikhatho. Lamanzere linkaona bwinobwino: denga, msomali, kangaude pakona. Anati ayamike Mulungu, foni inalira.

"Amayi, mwadzuka bwanji? Pali kankhani kakang'ono ka sikimu ija, musadandaule nako..."

Nankhoma anatsitsa miyendo pabedi. Chitenje chake chinali chonyowa mpaka m'mawondo.

"Ndikumva," anatero. "Maliza kaye kusenda nachesiyo."