Sesiliya Anachedwa Kupuma

Sesiliya anafika pa depoti ya Chipata basi ya ku Lusaka itanyamuka kale, itatenga mng'ono wake Tamiwe. Dzulo lake anakangana za munda wa malemu bambo awo ku Mtenguleni, mpaka Sesiliya anamulalatira kuti asadzapondenso pakhomo pake.

Sesiliya anakhala pa thumba la mtedza limene anamunyamulira Tamiwe, nayamba kukoka mpweya pang'onopang'ono n'kumautulutsa, monga amachitira ku kwaya. Atatero kangapo, misozi inayamba kutsika.

"Kwagwanji, amayi?" anafunsa mayi wina wogulitsa nthochi.

"Ndikanapuma chonchi dzulo ndisanatsegule pakamwa, mwana wa mayi anga akanapita titatsanzikana," anatero Sesiliya.

Anamuimbira foni mng'ono wakeyo. Inaitana mpaka kuduka, koma Tamiwe sanayankhe.