Pempho la Abwana

Pempholo linafika Lachiwiri m'mawa ndikutsuka kapu. Foni inalira pawindo, ndipo nditayang'ana ndinapeza uthenga woti Abwana apempha chigawo chachinayi cha sewero la banja la eni hotela. Apa n'kuti mkazi wanga atamwalira miyezi isanu ndi iwiri yapitayo.

M'chipinda chomwe mwana wathu ankagona asanakwatiwe muli kompyuta yakale pansi pa tebulo, yomwe sindiizimitsa. M'menemo ndimo ndimasunga mafilimu. Nditapuma pantchito ndinaikonza kuti abale azionera ali kwawo, aliyense ndi akaunti yake. Wina akafuna filimu yomwe mulibe amalemba dzina lake, pempho limabwera kwa ine, ndipo ndimavomera kapena kukana. Ndikavomera ndimakasaka chimbale chake n'kudzaikamo. Ndi kantchito kochepa, koma kamandipatsa chodzukira.

Akaunti ya mkazi wanga ndinaitcha Abwana chifukwa analibe mtima wodikira. Ankapempha pafoni, kenako n'kufuula ali kukhitchini kuti kodi ofesi yatsegula, kapena kalaliki akuwodzeranso.

Sindinadzidzimuke kwenikweni. Ndinkadziwa kuti wapempha ndi mlamu wanga, mng'ono wake, yemwe ndi telala. Ndinamutsegulirapo akaunti kawiri, kawiri konse n'kuiwala pasiwedi, mpaka mkulu wake anangomupatsa yake. Sewerolo ankaonera limodzi aliyense ali kunyumba kwake, foni ili kukhutu, uku akumunyoza mwana woyamba wa mwini hotela.

Chomwe chinandivuta chinali kamzere. Kompyutayo imakumbukira pamene munthu walekezera. Pa akaunti ya Abwana, pansi pa chithunzi cha gawo lomaliza la chigawo chachitatu, panali kamzere kofiira kongopitirira pang'ono theka, ndi mawu oti zatsala mphindi 19. Mkazi wanga anaimitsa pamenepo Lamlungu lina masana, nati mutu ukumuzungulira, adzamaliza akabwerako kuchipatala. Zovala zake ndinagawa, nsapato zinapita, mankhwala otsala ndinakabweza. Kamzereko sindinakakhudze. M'mawa uliwonse ndikatsuka kapu ndinkatsegula akauntiyo, kukaona, n'kutseka.

Wofuna chigawo chachinayi ayenera kuyamba wamaliza chachitatu, ndipo akangomaliza kamzere kamazimiririka. Choncho ndinakana. Pali kabokosi kolembamo chifukwa, ndipo ndinalembamo kuti malo achepa. Linali bodza.

Lachisanu pempho linabweranso, ndinakananso. Loweruka mwana wanga anaimba foni. Anafunsa kuti malo achepera amayi ake aang'ono okha bwanji, pamene mwamuna wake ndamuvomera mafilimu atatu a nkhondo sabata yomweyo. Ndinati ndiona. Anati mawu amenewo wakhala akuwamva kuyambira ali kusukulu.

Ndikanatha kungosintha pasiwedi, ntchito ya mphindi imodzi. Ndinafika mpaka potsegula tsambalo, koma ndinalitsekanso. M'malo mwake ndinatsegula akaunti yatsopano, ndinalemba zonse papepala ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo Lolemba ndinapita kushopu kwa mlamu wanga.

Ndinamupeza akudula nsalu ya yunifolomu, tepi ili m'khosi, choko kukhutu. Kativi kake kanali pamwamba pa shelefu ya ulusi, kozimitsa.

"Alamu, mwabwera kudzayesa thalauza kapena kudzandithamangitsa?"

Ndinamupatsa pepalalo. Analiwerenga, nalitsindika ndi sizasi, napitiriza kujambula ndi choko. Ndinafotokoza kuti ndikungofuna zinthu zikhale mwadongosolo, aliyense pakepake. Anayankha kuti iye akayatsa tivi pamalembedwa kuti Abwana, nanga tsopano ndikufuna palembedwe chiyani, Telala? Ndinayambanso za malo ochepa zija.

"Kunama simutha, alamu. Achemwali ankanena kuti mukamanama mumayang'ana nsapato."

Ndinali ndikuyang'anadi nsapato. Ndinakhala pabenchi ya makasitomala, pambali pa mulu wa mabulauzi osamaliza.

"Zatsala mphindi 19," ndinatero.

Anaika choko pansi. "Ndikudziwa. Ndinali pafoni. Anati, imitsa nawenso, usandipitirire."

Anandiuza kuti kuchokera tsiku limenelo sanalitsegulenso gawolo. Nayenso amakaona kamzereko tsiku lililonse akamayatsa tivi, n'kusankha china. Koma sabata yathayo mayi wina amene ankamuyeza diresi anayamba kusimba mmene sewerolo linathera, ndipo iye anathamangira pamakina n'kupondaponda popanda chosoka kuti asamve. Anati watopa kuthawa anthu, koma kutsegula yekha sangathe. Ndiye anaganiza kuti akapempha chachinayi, ine ndimva.

Ndinafunsa chifukwa chake sanangondiuza.

"Ndikuuzeni bwanji? Munthu akangotchula achemwali, inu mumafunsa ngati tivi ikugwira bwino."

Sindinatsutse. Ndinangonena kuti pa akaunti yatsopanoyo akhoza kumaliza gawolo, kamzere ka Abwana n'kukhala momwe kalili. Zimenezi ndinali nditaziganizira bwino, ndipo ndinkaona ngati zithetsa nkhani.

Anapukusa mutu. "Pa yanuyo ndiye kuti ndawapitirira. Pa yawo ndiye kuti tamaliza tonse."

Kasitomala analowa kudzatenga siketi, ndipo ndinapezerapo mpata wotsanzika. Ndili pakhomo ndinati Lamlungu masana ndimakhala ndilipo. Pepala lija linatsala pansi pa sizasi.

Anabweradi. Mpando wa mkulu wake anaulambalala, nakhala pa wolimba wa pafupi ndi khomo, chikwama chili pamiyendo. Ndinatseka makatani chifukwa dzuwa limamenya pagalasi la tivi. Rimoti ndinamupatsa, anandibwezera. Ndinaigwira kanthawi, kenako ndinadina.

Chithunzi chinayambira pakati pa chiganizo. Mayi wina anali pamasitepe, atanyamula mathawulo, akumaliza mawu omwe anayamba miyezi isanu ndi iwiri yapitayo. Sewerolo ine sindinkalitsatira, moti sindinadziwe kuti akukangana chiyani. Ndinkangoyang'ana nambala ya pakona ikutsika. Pa mphindi 11 ndinafuna kuimitsa, koma mlamu anali atasendera kutsogolo, milomo ikugwedera ngati akuyankha munthu pafoni, ndipo ndinasiya.

Pamapeto mwana woyamba uja anakhululukidwa, napatsidwa makiyi a hotela. Nyimbo inayamba, mayina n'kumakwera.

"Achemwali akanakwiya," anatero mlamu. "Akanati olemba ake ndi amuna okhaokha."

Anaseka pang'ono, kenako anatulutsa kansalu m'chikwama n'kuphimba kumaso. Ine ndinapita kukateleka madzi a tiyi, ndipo ndinaima pambali pa ketulo mpaka anawira, ngakhale kuti safuna wowayang'anira. Nditabwerera tivi inali itabwerera patsamba loyamba. Pansi pa chithunzi panalibe kanthu, pakona pokha panali kachizindikiro koti gawoli laonedwa.

Tinamwa tiyi. Anandiuza kuti kolala ya shati yanga yatha, ndimupatse akaitembenuze. Ndinamuperekeza mpaka pokwerera basi.

Lolemba m'mawa nditatsuka kapu ndinatsegula akaunti ya Abwana ndisanaganize n'komwe. Mzere wa zoti munthu apitirize kuonera unali wopanda kanthu. Pempho lachitatu linali litafika kale, likudikira. Ndinavomera, ndinavala jekete, n'kupita kukasaka chimbalecho.